Mafumu Atatu a Bambo Lifeyo

Mwambi uliwonse, ana inu, unayamba ndi munthu amene zinamuonekera. Ife timautchula tikuseka, koma mwini wakeyo sanaseke. Mwini wa mwambi wa lerowu anali bambo Lifeyo, mlimi wa njuchi wa m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama.

Bambo Lifeyo anali ndi ming'oma ya njuchi imene anaipachika m'mitengo ya mombo akadali ndi mphamvu, malemu akazi awo akuwagwirira chingwe pansi. Msana utayamba kukana khasu, ming'omayo ndiyo inasanduka munda wawo. Uchi ankausinthanitsa ndi chimanga, ndipo chimangacho ndicho chinkadyetsa mwana wawo Tereziya, ana ake, ndi mkamwini wawo Wedisoni, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni. Chaka chimenecho mvula inali itadula msanga. Nkhokwe zinali pululu, ndipo banja lonse maso anali pa uchi wofula mvula yoyamba ikamagwa.

Mdalayu analinso katswiri wa bawo, ndipo apa ndi pamene panagona matenda ake. Chikhalire sanagonjepo kwa munthu, choncho anazolowera kuti ofunsa ndi ena, woyankha ndi iye. Ngakhale njira akasochera, ankalolera kuzungulira phiri kusiyana ndi kufunsa mayi wotola nkhuni.

Ndiye anyamata ena obwerera kuchokera ku Joni anabwera ndi masewera a makhadi otchedwa poka. Posakhalitsa pabawo panayamba kumera udzu. Amuna onse ankasonkhana pakhonde la golosale, bambo Lifeyo n'kutsala okha ndi bawo lawo, akusuntha nkhomo popanda wopikisana naye. Zinkawawawa kwambiri. Munthu amene dzulo ankaomberedwa m'manja, lero ankangopatsidwa moni wa m'njira.

Woti awaphunzitse analipo, ankadyera naye limodzi. Wedisoni ankawadziwa masewerawo ngati chikhatho chake. Koma mpongozi akakhale pansi kuti mkamwini amuphunzitse, anthu akumva? Bambo Lifeyo anasankha kuphunzira mwakuba. Ankakhala chapatali pansi pa mtengo, akupota luzi, diso lili pakhonde.

Ndipo kunena zoona, mutu anali nawo. Anaona kuti wogawa amapatsa aliyense khadi limodzi lovundikira, loti mwini yekha alisuzumire, kenako lina loonekera kwa onse. Akatero anthu amabetcha. Wogawa amaonjeza khadi lina loonekera, kubetcha n'kupitirira, mpaka aliyense akhale ndi makhadi asanu, anayi poyera, limodzi lobisika. Amene mtima wamugunda amavundikira makhadi ake n'kutuluka, kusiya zimene waponya kale. Otsalawo amavundukula lobisika lija. Anaonanso kuti makhadi awiri ofanana amaposa osafanana, atatu ofanana amaposa awiri, ndipo khadi la mfumu ya ndevu lija limalemekezeka. Atafika apa anati basi, aumaliza. Anayamba kusewera zobetcherana mtedza, ndipo tsoka lake ankapambana.

Tsiku lina Lamlungu masana kunabwera Mphonda, wamalonda woyenda ndi ngolo yodzaza chimanga, amene ankagula uchi m'midzi. Nayenso anali atadyako za ku Joni. Anakhala pakhonde paja, n'kunena kuti za mtedza n'za ana, iye amabetcha chimanga. Ambiri anabwerera m'mbuyo. Bambo Lifeyo anayang'ana ngolo ija, nakumbukira adzukulu awo amene m'mawa umenewo ananyambita mphika wa phala mpaka kuwala. Tisawanamizire, sikunali kunyada kokha kumene kunawakhazika pamkeka wa makhadi. Ankafunadi kuti ana adye.

Makhadi anagawidwa. Lobisika la bambo Lifeyo linali kafaifi wamba, koma loonekera linali mfumu. Anabetcha chipanda cha uchi, Mphonda n'kuyankha ndi thumba la chimanga. Linabwera lachitatu, khadi lopanda pake. Lachinayi, mfumu ina. Anthu ena awiri amene analowa nawo anavundikira makhadi awo n'kudzuka. Lachisanu litagwa, inali mfumu yachitatu. Kutsogolo kwa Mphonda kunali tinthu tachabechabe, kathuu, kafolo, kasikisi ndi kanaini, tonse tofiira ta chithunzi cha mtima.

Mphonda ananena modekha kuti akuponya ngolo yonse ya chimanga, ngati mdala angaponye ming'oma yake yonse.

Wedisoni, amene anali ataima kumbuyo, anagwada pafupi ndi apongozi ake. "Bambo, pepani," anatero chapansipansi. "Taonani mitima ili apoyo. Mundilole ndikuuzeni kanthu kamodzi musanayankhe."

"Akamwini," anatero bambo Lifeyo mokweza kuti onse amve, "kodi pano munabwera kudzakwatira kapena kudzandiphunzitsa? Mafumu atatu angagonjere tiana timeneti?"

Anthu anaseka. Wedisoni anazolika, pakuti mkamwini satsutsana ndi apongozi pagulu. Mphonda naye anathira mchere pachilonda. Anati ngati madala pali lamulo lina limene sakulidziwa, afunse, palibe choipa, iye adikira. Ankadziwa bwino kuti mawu amenewo ndiwo atseke pakamwa pa mdalayo. Mumtima mwa bambo Lifeyo munalowa kachikayiko, ndipo funso linafika pammero penipeni. Koma maso onse a mudzi anali pa iwo kwa nthawi yoyamba chichokereni pabawo, ndipo analimeza.

"Ming'oma yonse," anatero.

Anavundukula kafaifi kawo akumwetulira. Mphonda anavundukula lake. Kanali kaseveni, nakonso ka mtima. Palibe anaomba m'manja. Bambo Lifeyo anatambasula dzanja kuti atole makhadi monga wopambana, koma anaona kuti aliyense akuyang'ana pansi, ndipo Wedisoni wagwira kumutu. Pamenepo anadziwa kuti aluza. Chimene sanadziwe ndi chifukwa chake, ndipo ngakhale apo sanafunse. Anadzuka, nasansa fumbi, n'kumapita kunyumba.

Tereziya atamva sanakalipe. Anangokhala pakhomo manja ali m'masaya, kenako anatenga dengu kukathyola mango osapsa oti awaphikire ana. Bambo ake akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi zimenezo.

Mvula yoyamba itagwa, Mphonda anatumiza anthu ake kukafula uchi. Anali anthu osadziwa njuchi. M'malo mozigoneka ndi utsi pang'onopang'ono, ankazitentha ndi miuni ya udzu, kugwetsa ming'oma pansi n'kuing'amba ndi nkhwangwa. Zisa ankazifinyira m'zidebe komweko, phula n'kumalitaya m'tchire. Bambo Lifeyo anaonerera zonsezi atabisala kuseri kwa chulu, misozi ikutsika. Njuchi zimene zinapulumuka zinasamuka, osabwereranso.

Njala inakula. Wedisoni anaona kuti palibe kuchitira mwina koma kubwerera ku migodi kumene analumbira kuti sadzapondakonso. M'mawa wa tsiku lonyamuka anafuna apongozi ake kuti atsanzike, koma pakhomo panalibe. Anakawapeza kunkhalango atakhala pa mng'oma wong'ambika, akutafuna phula lotola pansi. Masiku amenewo gawo lawo la mango ankasiyira adzukulu, ponena kuti akhuta, iwo n'kumabwera kuno kudzafuna kafungo ka uchi kotsalira m'phula.

Wedisoni anakhala pansi chapafupi. Kenako mdalayo, osamuyang'ana, anayankhula ndi mawu otsika.

"Akamwini, tandiuzani. Mafumu anga aja anagonja bwanji?"

"Makhadi asanu a chithunzi chimodzi amaposa atatu ofanana, bambo," anayankha Wedisoni. "Ngakhale akhale ang'onoang'ono. Sizichitika kawirikawiri, n'chifukwa chake munali musanazionepo. Mukanatuluka pamene paja, mukanangotaya zipanda za uchi."

"Ndi zokhazi?"

"Ndi zokhazo, bambo."

Bambo Lifeyo anagwedeza mutu, phula lili m'kamwa. Yankho limene likanasunga ming'oma yawo ndi kusunga bambo wa adzukulu awo pakhomo linali lalifupi kuposa moni. Wedisoni anagwada, natsanzika, n'kutsetsereka ndi njira ya kusiteshoni, katundu ali paphewa. Mdalayo anamuperekeza ndi maso mpaka mitengo inamubisa. Sanakhalitse moyo kuti adzamuone akubwera.

Amayi otola nkhuni amene ankawaona akutafuna phula m'nkhalangomo ndiwo anayamba kuuzana kuti, "Safunsa wadya phula." Sankanena monyoza, ankanena mwachisoni, ndipo mawuwo anayenda mudzi ndi mudzi mpaka anatipeza ife.

Ndiye mukamva akulu akuti "Safunsa anadya phula," akutanthauza kuti munthu wochita manyazi kufunsa amataya chokoma n'kutsala ndi chosathandiza, pamene womuuza anali pambali pake. Kuonerera kumaphunzitsa zimene zimachitika tsiku ndi tsiku, koma chimene chimagwetsa munthu ndi chija sanachionepo, ndipo chimenecho amachidziwa ndi amene anafikako. Wodziwayo akhoza kukhala mng'ono wako, wantchito wako, kapena mkamwini amene umamuona ngati mlendo pakhomo. Manyazi a kufunsa amatha dzuwa lisanalowe. Bambo Lifeyo anawathawa manyazi amenewo, ndipo amene analipira ndi ana amene sanakhale nawo pamkeka paja.