Mlendo wa pa Chigayo cha ku Vubwi

Chigayo cha a Nathan Kwenda chinkayamba kulira nkhuku zisanatuluke m'khola, ndipo amayi a midzi yozungulira Vubwi ankandanda ndi madengu awo mpaka patsinde pa mango. Eni chigayowo anali a ku Mchinji. Anabwera kudzakwatira Ethel, nakhala pachikamwini, ndipo a Sakala, amalume ake a mkaziyo, anawadulira munda wa kudambo, nthaka yoti ngakhale chitsononkho utachitaya chikhoza kumera.

Zaka zitatu zinapita bwino. Chigayo chinkabala, nayo minibasi imene anasiya kwawo inkawatumizira phindu pa foni mwezi ndi mwezi. Koma pa za msonkho a Nathan anali ndi nzeru imene ankainyadira ngati mwana wachisamba. Ku Mchinji minibasi anailembetsa m'dzina la mng'ono wawo Kondwani, nalengeza kuti iwo anasamukira ku Zambia. Ku Vubwi nako ankati ndi a ku Malawi, akungodutsa.

"Bambo, pitani ku Chipata mukalembetse," Ethel ankawauza. "Anzanu a magolosale analembetsa, ndipo sanafe."

"Iwe sudziwa kanthu. Mbewa ya mauna awiri siifa ndi utsi."

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, panafika mayi wa ku ofesi ya misonkho, dzina lake Ursula Mwanza. Anapereka moni mwaulemu, napempha kuti chigayo chiyambe chazima. Atachizimitsa panagwa bata loti n'kumva ntchentche. A Sakala anali pomwepo pa benchi, kudikira ufa wawo.

"Atate, nkhani yake si yovuta," anatero mayiyo. "Munthu wochokera kunja akakhala kuno kupitirira theka la chaka, pa msonkho timamuwerenga wathu. Mulembe za chigayo, mulembenso zimene mumalandira kuchokera kwanu. Zoyenera msonkho tikuuzani, ndipo ngati zina munalipira kale kumeneko, mudzationetse malisiti."

A Nathan anasasa ufa pa malaya, nakweza mawu ngati chigayo chikadali kulira.

"Mayi, ine pano si pathu. Ndine mlendo. Ndimangobwera kudzazonda mkaziyu, ndikagona kawiri katatu ndapita."

Amayi a pamzere anaphimba pakamwa ndi zitenje. Wina analephera kupirira: "Mlendo wake uti? Tonse tikapita ku Kulamba ku Mkaika, iwo amatsala pano kugaya!"

"Nanga munda wa kudambo uja, wa soya?" anafunsa Mayi Mwanza. "Anthu akuti ndi wanu."

"Wa eni mudzi umenewo. Ine ngakhale malire ake sindiwadziwa."

A Sakala anayang'ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Anangoti, "Tamva." Anamanga thumba lawo pa njinga, chimanga chosagayitsa, nachoka.

Mayi Mwanza anasiya mapepala, nanena kuti afike ku ofesi mweziwo usanathe. A Nathan anawapinda, natsekera nawo mng'alu wa chitseko. M'mawa mwake anakwera njinga yamoto kulowera ku una wachiwiri, akuti akadikire utsi uthe.

Ku Mchinji Kondwani anawalandira bwino. Anawaphera nkhuku, nawayalira pa chipinda cha alendo. Atatha sabata ziwiri akudya za mwini, a Nathan anapempha makiyi a minibasi ndi malisiti a msonkho wake, kuti mwina angawapepuzire mlandu ku Chipata.

"Minibasi yake iti, achimwene?" anafunsa Kondwani akutokosa m'mano. "Mapepala akuti Kondwani. Malisiti akuti Kondwani, poti wolipira ndine. Zimene ndinkakutumizirani zija zinali za chifundo chabe, pokumbukira m'bale ali kunja. Inu si a ku Zambia kodi? Munalengeza nokha, abale onse akumva."

M'mawa mwake a Nathan anamanga kachikwama kawo, natsanzika.

Anabwerera ku Vubwi mitambo ya mvula yoyamba itachita bii. Podutsa kudambo anaona munda wawo uja uli ndi mizere yatsopano, mng'ono wake wa Ethel akubzalamo mtedza. Atafika pakhomo, Ethel sanawalowetse m'nyumba. Anayala mphasa pabwalo, nabweretsa madzi m'kapu yagalasi imene inkangotuluka kukabwera abusa, nagwada patali.

"Takulandirani, alendo athu. Kunyumba mwasiyako bwanji? Ulendo uno mugona kawiri kapena katatu?"

"Ethel, usandiseke. Munda wanga wapita bwanji?"

A Sakala, amene anali atakhala pakhonde, ndiwo anayankha, mofatsa ngati akuwerenga vesi. "Munda umafuna munthu wodziwa malire ake. Ife sitinakulandeni, tangomvera mawu anu." Kenaka anatulutsa envulopu m'thumba la jekete. "Iyi yokha ndiyo ikukana kuti ndinu mlendo. Yalemba dzina lanu, mudzi uno, ndi chindapusa cha kuchedwa. A boma okha ndiwo akukudziwani kuti ndinu wathu."

Madontho akuluakulu anayamba kugwa. Ethel anathamanga kukanyamula zovala pachingwe, a Sakala anakokera mpando wawo mkati mwa khonde. A Nathan anatsala pa mphasa, kalata ili m'manja, osadziwa ngati mlendo amalowa m'nyumba asanaitanidwe.

Anapita ku Chipata sabata yotsatira, nalemba ndi dzanja lawo kuti amakhala ku Vubwi. Munda sunabwerere, minibasi ikadali ya Kondwani. Amayi a pamzere mpaka lero akafika pa chigayo amayamba ndi kufunsa ngati alendo adzuka bwino. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.