Bokosi la Malata la a Filimoni

Kalekale, osati kale la makolo athu ayi, kale la zaka zochepa zapitazi, kunamveka mphekesera kumsika kwathu yoti m'nyumba mwa a Filimoni ndalama zasanduka mapepala. Ena ankati ndi chitaka, ena ankati awalodza anzawo a kabaza. Ine za chitaka sindizikana kwenikweni, poti ndaonapo zinthu pamoyo wanga, koma iyi yokha inandinunkhira. Ndinaitsatira mpaka ndinaipeza mutu wake.

A Filimoni anali a kabaza, ankapalasa njinga kunyamula anthu kuchokera pasiteji. Akazi awo, Nanyoni, anali telala, makina awo ankakhala pakhonde la golosale. Ana anali atatu, wachinayi ali m'njira. Nyumba yawo inali ya njerwa zootcha koma denga la udzu, ndipo dzinja lililonse mabeseni ndi mapoto ankathera kutchera madontho. Chaka china mu Januwale anagwirizana kuti basi, atopa, chaka chino agula malata. Anapita kwa a Jekapu, kalipentala, amene anawakhomera bokosi la matabwa, misomali mbali zonse, kabowo kamodzi pamwamba kongokwana ndalama yopinda. Pangano linali loti Loweruka lililonse aliyense aziponya yake mnzake akuona, ndipo bokosilo adzaswe mu Novembala mvula isanayambe.

A Filimoni anaponya ndalama zenizeni miyezi iwiri yokha. Kenaka anakodwa ndi Dolofina, mtsikana wogulitsa nthochi pasitejipo, ndipo Dolofina sankadya mawu okoma. Kufuna mafuta odzola, kufuna nsapato, kufuna ndalama ya saluni. Ndiye Loweruka bambo aja ankatulutsa ndalama, kuionetsa bwinobwino, kuipinda m'manja, koma cholowa pakabowo chinali pepala. Mumtima ankati akazi awo amasoka mayunifomu a sukulu ziwiri, zawozo zikwana malata, otsalawo adzakongola.

Nanyoni anazindikira mu Juni. Mwana wawo wamkulu, Maliko, anakwapulidwa kusukulu chifukwa kope lake linkatha masamba pakati, mwanayo n'kumalumbira kuti sang'amba ndi iye. Mayi aja anakhala pansi n'kuganiza. Amuna awo atapita kuntchito anatenga chikwanje, anakanula thabwa la pansi pa bokosi, ndipo anapeza masamu a mwana wawo atapindidwa bwinobwino pakati pa ndalama zawo. Kulira sanalire, kufunsa sanafunse. Anatola ndalama zonse, anabwezera mapepala aja, anakhomanso thabwa ndi mwala. Kuyambira Loweruka limenelo nawonso anayamba kuponya mapepala, akumwetulira, kwinaku zenizeni akusunga padera. Cholinga chawo chinali choti tsiku loswa bokosi amunawo achite manyazi pamaso pa anthu, kenaka iwo atulutse ndalama zawo n'kugula malata okha, mudzi wonse udziwe mwamuna m'nyumbamo ndi ndani.

Ndalamazo anazimanga pakansalu n'kukasungitsa kwa mlamu wawo Esinala, mlongo wake wa a Filimoni. Musadabwe. Esinala anali mayi wamasiye, wopemphera, wa mbuzi zake zinayi, ndipo awiriwa ankakondana kuposa pachibale. Ana onse atatu anawalandira kuchipatala ndi Esinala. Nanyoni anamuuza kuti ndi zokonzekera mwana wobwerayo, achimwene ake asadziwe, ndipo iye analonjeza. Koma mu Ogasiti kunafika amalume awiri a Dolofina pakhomo pa Esinala, nkhope zili gwa. Anati mwana wawo ali ndi pakati, mwini wake ndi Filimoni, ndipo akapanda kulandira chindapusa pofika Lachisanu, mtsikanayo adzamutula pakhomo pa Filimoni ndi chikwama chake, monga achitira kwathu kuno. Nthawi imeneyo Nanyoni anali ndi miyezi isanu ndi itatu, miyendo itatupa, a kuchipatala atachenjeza kuti magazi athamanga, asamve chokhumudwitsa. Esinala anamasula kansalu kaja, anapereka zonse. Anadziuza kuti adzabweza mbuzi zikaswa. Achimwene ake anangowauza kuti nkhani yatha, ndipo iwo sanafunse kuti ndalama zachokera kuti, chonsecho mbuzi zonse zinayi ankaziona zikudya pabwalo.

Mwana anabadwa bwino mu Seputembala, wamkazi. Novembala atakwana, a Jekapu anati ntchito yawachulukira, ali ndi tsiku limodzi lokha, choncho udzu usasulidwe m'mawa, masana malata afike, madzulo akhome. A Filimoni anakwera padenga okha, akuimba mluzu, kudalira ndalama za akazi awo. Nanyoni anaima pansi ndi khanda kumbuyo akuwalandira udzu, kudalira ndalama za kwa mlamu. Udzuwo unali wofumbwa, ana anautentha kuseri. Pofika masana nyumba inali pululu, mapaso okhaokha, ndipo kumapiri kunayamba kuda.

Bokosi analiswera pabwalo, anansi tili pomwepo, poti Nanyoni anatiitana tonse kuti tidzaone. A Jekapu anamenya hamala kawiri, mapepala aja mbwee, mphepo n'kuyamba kuwauluza. Ngakhale ndalama imodzi munalibe.

A Filimoni anatuwa. Anayamba ndi iwo kunena za chitaka, koma Nanyoni anatola pepala limodzi n'kuwawerengera masamu a mwana wawo mokweza.

"Chitaka chanucho chimaphunzira sitandade faifi, bambo a Maliko?"

Tinaseka, sindinama. Bambo aja anavomera za mapepala, nati kabaza sankayenda bwino. Kenaka anatukula mutu.

"Nanga zanu zili kuti, mayi? Si nanunso mumaponya ine ndikuona?"

Nanyoni anayankha kuti zawo zilipo, zili pabwino, ndipo anatuma uthenga kwa Esinala kuti abwere ndi kansalu kaja. Esinala anabwera chimanjamanja. Anagwada patali n'kunena kuti ndalama palibe. Atafunsidwa kumene zinapita anangoweramitsa mutu.

Mvula inagwa tsiku lomwelo. Banja lonse linathawira m'kakhitchini ka udzu, anthu asanu ndi mmodzi kuwerengera khanda lomwe, ufa ndi zofunda zitanyowa. Ankhoswe a mbali zonse anakhala masiku awiri pansi pa mango. Esinala anatchulidwa mayina onse, wakuba, mfiti, njoka yopemphera, abale a Nanyoni mpaka kumulavulira malovu, koma iye pakamwa pali tseke. A Filimoni anali pomwepo. Pamenepo n'kuti atazindikira kale kumene chindapusa chija chinachokera, koma anasiya mlongo wawo atukwanidwe, iwo maso ali kuzala za kumapazi. Ankhoswe anangogwirizana chimodzi: katundu wa munthu mmodzi agulitsidwe, nyumba ifoleredwe. Pali njinga ya a Filimoni, pali makina a Nanyoni, pali mbuzi za Esinala, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chingakwane malata. Koma cha ndani? Pamenepo anabalalika osamvana.

Tsiku lachitatu Esinala anapeza mlamu wake ali yekha akuchapa matewera kuseri kwa khitchini. Ine ndinali kuseri kwa mpanda wanga ndikuyanika ufa, ndipo makutu satsekeka ngati maso. Esinala anakhala pansi n'kutenga thewera limodzi kuti athandize, Nanyoni analilanda.

"Alamu, ndalama zanu sindinadye," anatero Esinala. "Ndinalipira mimba ya Dolofina, wa nthochi uja. Ndi ya achimwene. Amalume ake amafuna kudzamutula pano inu muli ndi miyezi eyiti. Ndinaopa kukuikani m'manda pamodzi ndi mwanayu."

Nanyoni anasiya kuchapa, manja ali m'madzi.

"Ndiye kuti maso angawa ndinawathera pasingano kuti ndilipirire amuna anga chibwenzi?"

"Eya, alamu."

"Ndipo inu mumabwera kudzandisambitsira mwana mukudziwa."

"Ndimadziwa."

Ndi pamenepo pamene Nanyoni analira, koyamba chiyambire Juni.

Tsono nkhani ndakupatsani yonse, sindinabise kanthu. Njinga ikapita, ana asowa chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo wodzabadwa kwa Dolofina nayenso ndi mwana. Makina akapita, ndiye kuti mayi wabedwa kawiri, ngakhale ena akuti munthu amene anadziwa mu Juni n'kulandira udzu mu Novembala akumwetulira asamalire kwambiri. Mbuzi zikapita, wamasiye watsala manja ali m'khosi chifukwa cha tchimo la mchimwene wake, komatu anamasula kansalu kosakhala kake. Khanda likugona m'khitchini yofuka utsi, ndipo mvula sikudikira ankhoswe. Inu mukanakhala pansi pa mango paja, mukanati agulitse ndani: wa njinga, wa makina, kapena wa mbuzi?