Bambo Amene Anachitira Chifundo Mbuliwuli

Panali bambo wina wamtima wofewa, wosafuna kuona chinthu chikuvutika. Mwana wake akapunthwa pamwala, iye ankatenga khasu n'kukaukumba mwalawo.

Mwana wake wamkazi, Ndaziona, anapeza mwamuna, ndipo tsiku la chinkhoswe linakhazikitsidwa. Bamboyo analonjeza kuti alendo podikira chakudya adzayamba akukuta mbuliwuli. Anapita kumsika n'kugula thumba la chimanga chake, chija cha njere zing'onozing'ono zosalala ngati mikanda.

Atafika kunyumba analuma njere imodzi. Dzino linachita kuwawa.

"Kuumatu uku!" anatero. "Kanjere kameneka kadzaphulika bwanji khungu lili chonchi? Ndikathandize."

Anatulutsa mtondo nayamba kusinja pang'onopang'ono. Sankafuna ufa ayi. Ankangofuna kuti khungu la njere iliyonse ling'aluke. Mkazi wake anamupeza ali thukuta kamukamu.

"Bambo a Ndaziona, mukuchitani chimanga cha alendo?"

"Ndikuchitsegulira khomo, mayi. Mawa chisakavutike pamoto."

Manja atatopa anasiya. M'thumba munatsala theka losasinja, ndipo iye anadandaula kuti zotsalazo sanazithandize.

Kutacha akuchimuna anafika, nakhala pamithunzi. Bamboyo anakana kuti wina aliyense akazinge. Anatereka yekha poto, anathira mafuta, anathiramo chimanga chosinjacho, navundikira. Kenako anaimika dzanja kuti anthu akhale chete amve.

Anthu anakhaladi chete. Nayenso poto anakhala chete. Munkangomveka kamluzu kakang'ono, kenako utsi unayamba kutuluka. Atavundukula anapeza njere zili bii, zitapserera. Nkhoswe ya kuchimuna inatsokomola. Ndaziona anaweramitsa mutu, ndipo bambo ake anasowa poyang'ana.

Mkazi wa bamboyo anaimirira. Anabweretsa poto wina, nathiramo zija zinatsala m'thumba. Moto unayaka, nthawi inapita, m'poto muli zii. Bamboyo mtima unamupweteka.

"Zikuvutikatu m'menemo. Tiphule!"

Mayiyo anagwira chivundikiro nagwedeza poto. "Zisiyeni, bambo."

Mwadzidzidzi kunamveka tha! Kenako tha, tha! Posakhalitsa munali ngati matalala padenga la malata. Chivundikiro chinanyamuka chokha, mbuliwuli zoyera mbee zikusefukira pansi. Azimayi analuluta. Nkhoswe ija inadzaza manja onse awiri, n'kufunsa ngati zilipo zina.

Bamboyo anaseka mpaka misozi. Zopserera zija anakazimwazira nkhuku, ndipo nkhukuzo zinangoziyang'ana ndi diso limodzi n'kuchokapo.

Makolo anzanga, m'njere iliyonse ya mbuliwuli muli kadontho ka madzi. Moto ukayaka, kadonthoko kamasanduka nthunzi. Nthunziyo imasowa potulukira chifukwa khungu ndi lolimba, choncho imaphika ufa uli m'kati mwa njere, nikankha, nikankhabe. Pamene inu mukuti palibe chikuchitika, m'pamene ntchito yagundika. Khungu likagonja, njere imatembenuka, za m'kati n'kukhala kunja, nikula kuposa mmene inalili. Koma mukaling'alula khungulo nthawi isanakwane, nthunzi imathawa mwakachetechete. Njere siiphulika. Imangopsa.

Ndiye mwana wanu akakhala pansi ndi samu yomukanika, nkhope itachita tsinya, musamulande pensulo. Khalani naye pafupi. Onani kuti moto usanyanye, gwedezani poto kuti asapserere. Mtima ukayamba kukuuzani kuti muphule, pindani manja ndipo mutchere khutu.