Masipuling'i Owotcha a Malizani

Nkhani ya a Makwinja ndikamaikamba mtima umandiwira, ngakhale papita zaka zambiri ndipo eni akewo anatisiya kale. Mundipirire mawu anga akamatuluka aukali. Ndinagwira nawo ntchito m'galaja imodzi ku Bangwe kwa zaka khumi ndi zinayi ndisanayambe kuphunzitsa umakaniko, choncho zimene ndikulembazi sindinachite kumva kwa munthu.

A Makwinja anali makaniko wosakonda zolankhulalankhula. Chuma chawo chonse chinali dzina. Pagalaja panalibe ngakhale chikwangwani, koma madalaivala a minibasi ankadziwa kuti galimoto ikatuluka m'manja mwawo siibwereranso ndi vuto lomwelo. Munthu akafunsa kodi mabuleki ndikakonzetse kuti, anzake ankangomulozera kwa a Makwinja.

Anali ndi mphwawo, mwana wa mchemwali wawo, dzina lake Malizani. Sanali mwana ayi, anali bambo wa ndevu zake, wa ntchito yabwino m'tauni. Malizani anaitanitsa kuchokera kunja galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, imodzi mwa zothamanga zija zimene zimamveka zisanaoneke. Galimotoyo inali yaifupi kale, koma iye anali ataona pafoni zithunzi za magalimoto ogona pansi, matayala atabisala m'zitsulo zowaphimba zija timati madigadi, ndipo tulo tinamuthawa. Anagula masipuling'i aafupi n'kubwera nawo kugalaja ali m'katoni.

"Amalume, ndikufuna igone pansi," iye anatero.

"Igone pansi kuti izitani? Izisesa msewu?"

"Ndi mmene akuyendera anthu masiku ano, amalume. Inu zimenezi simungazimvetse."

A Makwinja anatulutsa sipuling'i imodzi, n'kuitembenuza m'manja kwa kanthawi. "Chitsulo chake n'chabwino," anatero. "Ndiitsitsa galimoto yakoyo, koma ndiitsitsa mmene ndikudziwira ine, osati mmene ukufunira iwe."

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, mvetserani apa. Tayala la galimoto limafuna mpata wokwerera m'mwamba likagunda dzenje kapena hampu. Zili ngati munthu wodumpha pachulu: akapinda mawondo amatera bwino, koma akatera miyendo ili chiwongokere, msana ndi umene umamva. Ukatsitsa galimoto umadya mpata umenewo. Luso lonse lagona pa kutsitsa koma mpata n'kutsalako wokwanira.

Ntchitoyo inatitengera masiku awiri. A Makwinja anayamba ayeza ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse zinayi. Atachotsa sipuling'i yakale, anakweza tayala ndi jeke pang'onopang'ono kuti aone pamene likukagunda labala wotchinga, amene amaletsa chitsulo kuombana ndi chitsulo chinzake. Mashoko akale, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha zija, anali aatali, sakanagwirizana ndi masipuling'i aafupi, ndiye anaikamo ena aafupi. Malabala aja anangowadulako nsonga, osawachotsa. Pomaliza anatilowetsa m'galimotomo anthu anayi, iwo n'kugona pansi kuyang'ana mpata umene watsala. Unatsala wa zala zitatu, ndipo anati ntchito yatha.

Malizani atabwera anaizungulira galimotoyo kawiri nkhope ili tsinyi.

"Amalume, mwaitsitsa kapena mwangoitsuka?"

"Yatsika zala ziwiri."

"Ziwiri zokha? Anzanga akandiseka."

"Akuseke. Misewu yathu ukuidziwa, mphwanga. Mpata watsalawo si wanga kapena wako, ndi wa munthu amene udzamunyamule. Usaukhudze."

"Chabwino, amalume."

Chabwino ameneyo ndimadana naye mpaka lero. Ndi chabwino wa munthu amene watseka kale makutu, akungofuna makiyi. Sabata isanathe, Malizani anapita kwa wowotcherera zitsulo wina kuseri kwa msika. Munthuyo anayatsa moto wa gesi n'kuwotcha masipuling'i atsopano aja ali pagalimoto pomwepo mpaka anafiira, galimoto n'kutitimira yokha. Malabala otchinga anawazula n'kuwataya, ati akutsekereza. Sipuling'i yowotchedwa imakhala itafa. Maonekedwe amakhalapo, koma mphamvu yobwerera ilibe, ndipo tsiku lina imangothyoka osachenjeza. Kuyambira pamenepo Malizani anasiya kudutsa msewu wa kugalaja, ndipo ife sitinadziwe kanthu.

Nthawi imeneyo n'kuti Malizani atapeza mbeta, mtsikana wa ku Namitambo dzina lake Ndaziona, ndipo tsiku la chinkhoswe linali litakonzedwa. Pachinkhoswe mabanja awiri amakumana kuti amange ukwati, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi nkhoswe yake, munthu woikira mwanayo kumbuyo ndi kumuyankhira. Nkhoswe ya Malizani anali a Makwinja. Nkhoswe ya Ndaziona anali amalume ake, a Muhiwa, amene ankakhala ku Limbe. A Muhiwawa anali ndi minibasi zitatu, ndipo zonse zitatu zinkakonzedwa kugalaja kwathu.

Tsikulo ife tinatsogola m'mawa pa minibasi pamodzi ndi achibale. Malizani anati abwera pambuyo ndi galimoto yake, atenge a Muhiwa ndi akazi awo, kuti akuchikazi aone ulemu wa mkamwini. Kubuti anaikako thumba la mpunga ndi makireti a zakumwa. A Muhiwa anali munthu wathupi, ndipo mayi aja anadzipanikiza kumpando wakumbuyo.

Pafupi ndi mudzi wa kwawo kwa Ndaziona msewu umatsikira mumtsinje wouma, pamene anangothira simenti m'malo momanga mlatho. Aliyense wanzeru amafika pamenepo pang'onopang'ono. Koma Malizani anaona anthu atasonkhana kutsidya, amayi atayamba kale nthungululu, ndipo anafuna kufika ndi mkokomo. Ife tinaiona galimoto ikutsika, kenako tinamva kuphulika kwa chitsulo. Tayala lakutsogolo linalibe kokwerera. Sipuling'i inathyoka, nsonga yake n'kuboola tayala, ndipo galimoto inakhota yokha n'kukaomba khoma la mtsinje.

Tinathamangira komweko. Mayi aja anali atachekeka pachipumi. A Muhiwa tinawatulutsa mkono wamanzere uli lende, utathyoka pawiri. Malizani anatuluka wopanda ndi bala lomwe, akusasa fumbi pa suti.

A Muhiwa anakhala pamwala, thukuta lili kamukamu. Anali munthu wodziwa magalimoto, ndipo anali atamva bwino chimene chinathyoka.

"Kunsi kwa galimoto iyi anagwirako ndani?" anafunsa.

Anthu onse anayang'ana Malizani. Iye anayang'ana nsapato zake.

"Masipuling'i anaika ndi amalume," anatero.

Bodza limene limandinyansa kuposa onse ndi lija lovala zovala za choonadi. Mawu amenewo munalibe liwu lonama ngakhale limodzi, koma anali bodza kuyambira kumutu mpaka kumchira.

A Makwinja anavula jekete, n'kulipatsa mchemwali wawo, mayi ake a Malizani, n'kukwawira kunsi kwa galimoto ndi malaya awo oyera. Ine ndinawatsatira. Sizinafune tepi. Penti ya masipuling'i inali itapserera, chitsulo chitada ngati chikuni, ndipo pamene panali malabala panali mabowo okhaokha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifuule, koma a Makwinja anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Anapukusa mutu kamodzi.

Ndinamvetsa chimene ankatanthauza, ndipo chinandikwiyitsa kwambiri chifukwa ndinachimvetsa. Akanangonena kuti galimotoyi inakawotchedwa kwina, akuchikazi akanaona kuti mkamwini wawo ndi munthu wosamva, ndiponso wotha kuponya malume wake pamoto kuti iye apulumuke. Palibe banja limene likanapereka mwana wawo kwa munthu wotero. Ukwati ukanathera mumtsinje momwemo, mchemwali wawo ataima pomwepo atanyamula jekete. Nkhoswe siivula mwana wake pamaso pa apongozi.

A Makwinja anatuluka, malaya ali mafuta okhaokha, n'kugwada pafumbi patsogolo pa a Muhiwa.

"Galimotoyi inadutsa m'manja mwanga," anatero. "Pepani, ankhoswe anzanga."

A Muhiwa anawayang'ana nthawi yaitali. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukupatsani minibasi zanga, zonyamula ana a eni ake. Kani ntchito yanu ndi imeneyi?"

A Makwinja anangoweramitsa mutu. Anthu ovulala anawatengera kuchipatala pa pikapu ya munthu wina wa m'mudzimo, ndipo chinkhoswe chinaimitsidwa.

Masana omwewo, anthu akubalalika, a Makwinja anamuitanira Malizani kuseri kwa nyumba ina ya m'mudzimo, pansi pa mtengo wa mkuyu. Ine ndinapita nawo, chifukwa ndinkaopa kuti amumenya, ndipo kunena zoona ndinkafuna ndione akumumenya.

"Unakawotchetsa kuti?" anafunsa.

Malizani anayang'ana kumbali.

"Ndinakuuza chiyani tsiku lija?"

"Munati ndisakhudze."

"Nanga pamtsinje paja, pakamwa pako panauma? Sukanatha kunena kuti amalume anaika bwino, ine ndi amene ndinakaononga?"

"Ndimaopa, amalume. Akanandilanda Ndaziona."

"Umaopa." Aka kanali koyamba kuti ndiwamve a Makwinja akukweza mawu. "Zaka makumi atatu ndagona pansi pa magalimoto a anthu kuti dzina langa liyere. Iwe walidetsa tsiku limodzi chifukwa chofuna kuti anzako asakuseke. Ndagwada pafumbi ine, munthu wa imvi, kupepesa mlandu wa chitsulo chimene sindinachiwotche."

Anayang'ana pansi, pamene panali nkhuyu zakugwa zitapondedwapondedwa, n'kukankha imodzi ndi nsapato.

"Nkhuyu wadya ndiwe," anatero, "koma m'mimba mukupota mwa ine. Choka pamaso panga."

Patapita mwezi chinkhoswe chinachitika, ukwati n'kutsatira. A Muhiwa anati mnyamatayo alibe mlandu, wolakwa ndi makaniko. Minibasi zawo sizinabwerenso kugalaja kwathu. Nkhani inayenda m'madepoti monse kuti a Makwinja akalamba, maso ayamba kuchita chidima, anatsala pang'ono kupha munthu ndi masipuling'i. Madalaivala amene ankawalumbirira anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Chaka chisanathe, m'galaja munamera udzu. Ine ndinakapeza ntchito yophunzitsa, ndipo a Makwinja anatsirizira moyo wawo akumata machubu a njinga za kabaza m'mbali mwa msewu.

Kangapo konse ndinawapempha kuti andilole ndikauze a Muhiwa zoona. Yankho linali limodzimodzi: "Ukanena, banja la mwana litha. Ndiye ine ndinagwadiranji?" Ndinakhala chete, ndipo ndimadzida nako kukhala chete kumeneko. Ndinkadikira kuti tsiku lina Malizani achita manyazi, apite yekha akaulule. Anabereka ana atatu, anamanga nyumba, anagula galimoto ina yaitali bwino, koma pakamwa sanatsegule.

Pamaliro a a Makwinja, amene anaimirira kulankhula m'malo mwa banja anali Malizani yemweyo. Anauza anthu kuti amalume ake anali munthu wofatsa, wokhululuka, wosasunga mangawa. Ine ndinanyamuka pakati pa mawu akewo n'kukaima kumsewu, chifukwa ndikanakhala pamenepo ndikanachita zinthu zosayenera pamaliro.

Mawu aja a pansi pa mkuyu ndinawabwereza kwa anthu ambiri osatchula mayina, ndipo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anakhala mwambi umene mumaumva lero: nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa galimoto. Musakangane nawo, koma ine ndikudziwa pamene ndinaumva ukutuluka m'kamwa mwa munthu amene m'mimba munkamupotadi.

Tanthauzo lake ndi ili: mwana akachita chinthu mwa kusamva, wolangika nthawi zambiri si iye. Kukoma kwa nkhuyu amakumva yekha, koma ululu umakagwera makolo, amalume, aphunzitsi, aliyense amene dzina lake linamangidwa pamodzi ndi la mwanayo ndipo sangathe kumukana pagulu. Akulu amameza zowawazo chifukwa chokukondani, osati chifukwa chakuti siziwawa. Choncho inu achinyamata, wamkulu akakuuzani kuti apa musakhudze, inu n'kuyankha kuti chabwino mtima uli kwina, yambani mwadzifunsa kuti zinthu zikavuta, amene akagwade pafumbi m'malo mwanu ndi ndani.