Mawu a Pansi pa Chitsime

Panali munthu wina, dzina lake Gelevazio, amene ankakumba zitsime ndi mng'ono wake Yotamu. Wina akalowa pansi, mnzake ankatsala pamwamba kukoka ndowa ya dothi.

Chilimwe china anakumba chitsime chimene chinkakana kutulutsa madzi. Chinazama mpaka munthu wapansi sankaonekanso, ankangomveka mawu. Tsiku lina analowa Yotamu. Dzuwa lili paliwombo, Gelevazio anamva kugunda kwa piki kukutalikirana. Kenaka kunangoti zii.

"Yotamu! Kwagwanji?"

"Palibe, achimwene. Ndangotopa. Ndipumeko pang'ono."

Gelevazio anakhala pansi, koma mtima unali m'mwamba. Ankamudziwa mng'ono wake akatopa: ankakalipira thanthwe, kudandaula msana, kuitanitsa madzi akumwa. Koma apa mawu ake anali ngati a munthu wobwebweta kutulo.

Anagona chafufumimba, nasuzumira mumdimamo.

"Tagwira chingwecho, uchikoke kamodzi."

Chingwe chinangogwedezeka pang'ono.

"Ndati koka, Yotamu!"

"Manja akukana, achimwene. Miyendo ili lende. Ndalefuka."

Gelevazio anadzambatuka. Anadziwa kuti mpweya wapansipo waipa, ndipo munthu akagona mmenemo sadzuka. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Amayi anayi amene ankachokera kuchigayo anatula matumba awo n'kuthamangira komweko. Gelevazio anawapatsa chingwe, natsika nacho iye mwini, mutu ukumuzungulira. Anamupeza Yotamu atatsamira khoma, maso ali pafupi kutsekeka. Anamumanga m'khwapa, nafuula kuti akoke. Iye anatsala pansipo, kudikira kuti chingwe chibwerere.

Anatuluka onse awiri. Yotamu anatsitsimuka pansi pa mtengo wa mango, ndipo anatha sabata osanyamula ngakhale khasu.

Abale anga, kutopa ndi kulefuka si chinthu chimodzi. Wotopa mumamusiya apume, mphamvu zimabwerera zokha. Wolefuka zamuthera, ndipo mukamusiya pamene alipo sachokapo. Koma manyazi amatichititsa kutchula mawu opepukawo. Mnzanu akati "ndangotopa," mawu ake ali achilendo, musachoke. Funsaninso. Ndipo ngati muli pansi ndinu, nenani msanga kuti mwalefuka, mawu asanakuthereni pakhosi.