Chipere Chinakwera Ndevu za Ometa

Ometa a pakona anali ndi ndevu zotchuka, moti anthu anangowapatsa dzina loti a Mandevu. Kanyumba kawo kanali ndi mpando umodzi, galasi long'aluka m'mbali, ndi benchi yomwe inkadzaza ana sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa. Dzanja anali nalo labwino, koma phuma ndiye linkawapweteka. Mutu uwu ukachoka, makina omwewo, chipeso chomwecho, nsalu yomweyo, n'kupita pa mutu wina. Tsitsi lotsalira ankangoliuzira ndi pakamwa, basi.

Akazi awo anawagulira botolo la sipiliti ndi kaburashi kotsukira makina. Iwo anaika pawindo, akuti adzayamba anthu akachepa. Botolo linakhala pamenepo mpaka kuchita fumbi.

Tsiku lina mayi wogulitsa masamba anabwera ndi mwana wake. Anamuweramitsa, n'kuonetsa malo ozungulira otuwa, tsitsi litathothoka.

"Achimwene, chipere ichi chachokera muno. Mwana wa atelala nayenso ali nacho."

A Mandevu anaseka akusisita ndevu zawo. "Mayi, makina anga amameta, sadzala chipere. Anawa amagubuduka m'dothi ngati nkhuku. Kamusambitseni."

Mayiyo ananyamuka. Anagwira mwana wake padzanja, ulendo. Koma mawu ali ndi miyendo. Benchi ija inayamba kuoneka matabwa, ndipo a Mandevu ankangoti makolo amasiku ano ndi ansanje.

Posakhalitsa mwana wawo wotsiriza anayamba kukanda m'mutu osapuma. Akazi awo anati apite naye kuchipatala. Iwo anati ndi thukuta chabe. Anamukhazika pampando n'kumumeta mpala, kenako ndi makina omwewo anakonza ndevu zawo pagalasi akuimba mluzu.

Choyamba chinali kuyabwa pachibwano. Kenako pakati penipeni pa ndevu zotchuka zija panatseguka kabwalo koyera, ndipo kankakula. Anayesa kupesera ndevu mbali imodzi kuti abise, koma zinakanika. Ndani angapereke mutu wa mwana wake kwa wometa wachipere?

Kuchipatala anapita ndi mwana wawo, iwo atatseka chibwano ndi mpango. Pamzere anapezeka atakhala benchi imodzi ndi mayi wamasamba uja. Mayiyo anawayang'ana bwinobwino, n'kufunsa mwaulemu ndithu.

"Kodi achimwene, nanunso mwayamba kugubuduka m'dothi?"

Mzere wonse unafa ndi phwete. A Mandevu anangoyang'ana nsapato zawo.

Namwino sanawakalipire. Anawauza kuti chipere chimayenda pa makina, chipeso, chipewa ndi thaulo, ndiye mwana aliyense azikhala ndi zake. Anati cham'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha, ndipo anawapatsa akumwa, bambo ndi mwana, oti amalize onse ngakhale kuyabwa kutasiya.

Atafika kunyumba, ndevu zotsalazo anazimeta okha. Akazi awo anapukuta fumbi pa botolo lija n'kuwapatsa m'manja akumwetulira.

Lero mukalowa m'kanyumbako fungo la sipiliti limakulonjerani pakhomo. Nsalu zochapa zili pachingwe, benchi yadzazanso, ndipo mwana wa mayi wamasamba uja akakhala pampando amayamba wafunsa kuti, "Amalume, mwatsuka?" Iwo amatsukanso iye akuona. Dzina la Mandevu silinachoke, ngakhale chibwano chili see ngati dzira.

Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.