Kanjanji ka Lufeyo Kachingwe

Ku Bilira, kufupi ndi njanji yopita ku Salima, kunali munthu wina dzina lake Lufeyo Kachingwe. Ntchito yake inali yokhoma zidebe ndi kumata mapoto obooka. Sukulu sanapite nayo patali, zilembo ankaziona ngati nyerere zofera papepala. Koma manja, ana inu, manja anali nawo.

Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa esiteti ina ya khonje pomwe panali kanjanji kopapatiza, koti munthu n'kukadumpha osathamanga, ndi kasitima kake kokoka mabogi a khonje. Esiteti ija inatha, kanjanji anakazula, koma mumtima mwa Lufeyo sikanazuke. Atakula anayamba kukamanganso, kakang'ono, pa zitseko ziwiri zakale kuseri kwa nyumba yake. Njanji anapanga ndi mawaya a maambulera otha. Mitanda yogonekapo njanji anasema ya nsungwi, uliwonse ngati kamtengo ka machesi. Mutu wa sitima anaukhoma ndi zitini, m'kati n'kuikamo sipuling'i ya wotchi yakufa. Zaka zinayi akulimbana nazo. Odutsa ankangoti, "Bambo wandevu pepeya kuseweretsa zidole!"

Mmodzi yekha ndiye sankaseka, Dizimasi, mchimwene wake wa Nangozo, mkazi wa Lufeyo. Ameneyu anaphunzira, anakhalapo kalaliki m'tauni mpaka anamuchotsa, ndipo tayi ankavala ngakhale popita kuchimbudzi. Masana ankabwera, n'kukhala pampando, manja m'thumba, mafunso okhaokha.

"Alamu, kachitsulo ka mano awiri mumayendetsa panjanjika n'kachiyani?"

"Ndi geji imeneyi," anatero Lufeyo. "Njanji ziwirizi zitalikirane chimodzimodzi kuyambira apa mpaka uko. Maso amanama, geji sinama. Koma pokhota muzifutukula pang'ono, ngati chikhadabo basi, apo ayi mateyala amakwera pamwamba."

"Nanga timipata iti mwasiya polumikiza? Tikuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba."

"Chitsulo chimakula padzuwa, alamu. Mukachimana malo chimadzipezera chokha, chimapindika. Ndipo mtovu muziika pansi pa bogi, osati pamwamba. Chitunda chisakwere msanga. Muziyamba ndi njanji, mutu wa sitima pambuyo. Ambiri amathamangira mutu chifukwa ndiwo umaoneka."

Lufeyo ankakondwa kuti wapeza womumvera, choncho anakhuthula zonse. Dizimasi sanagwirepo ngakhale pulayala. Ankangosunga mawu.

Chaka chimenecho, m'mwezi wa Okutobala, kunali chionetsero cha zaulimi ndi ntchito zamanja. Kunamveka kuti kubwera bwana wina wa m'tauni wofuna mmisiri woti akaphunzitse pa sukulu yatsopano ya zamanja, nyumba n'kumupatsa konko. Lufeyo sanagone tulo. Si nyumbayo ayi. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokha anthu amutche mmisiri, aleke zija za zidole.

"Zamapepala ndisiyireni ine," anatero Dizimasi. "Inu Chizungu chingakulumeni lilime."

Anakweza zitseko zija pangolo. Atafika, anawapatsa malo kumapeto kwa bwalo, kuseri kwa makola a mbuzi, kosafika anthu. Dizimasi anaimika kapepala pathebulo.

"Palembedwa chiyani apa?" anafunsa Lufeyo.

"Dzina la mwini sitima. Mukufunanso chiyani? Tsono taonani, alamu, kuno sikubwera munthu. Inu paja ng'oma mumaitha. Ndabwereka iyi, kaimeni pamtengo apo muziomba, anthu abwere. Zolumikiza zitsekozi ndimaliza ine, mwandiphunzitsa kale."

Lufeyo anapita. Anaomba ng'oma mpaka thukuta kamukamu, ndipo anthu anasiya mbuzi, anasiya maungu, n'kukhamukira komweko. Bwana uja nayenso anafika, chipewa kumutu, kabuku m'manja. Dizimasi anakonza tayi n'kuyamba kuthira Chizungu, kwinaku akumasulira kuti onse amve.

"Maso amanama, bwana, geji sinama. Pokhota ndimafutukula pang'ono, ngati chikhadabo basi. Ine ndimayamba ndi njanji, mutu pambuyo."

Lufeyo anamva "ndimayamba" ameneyo. Kuomba sanaleke. Anasuzumira pathebulo, ndipo apo ndi pomwe anaona. Polumikiza zitseko, Dizimasi anali atakankha njanji mpaka kugundana kuti timipata tija tisaoneke pamaso pa bwana. Dzuwa la Okutobala linali litagwira ntchito yake. Pokhota penipeni njanji yakunja inali itatupa, yapindikira panja ngati nthiti ya galu.

Dizimasi anali atamanga kale sipuling'i. Kasitima kananyamuka, tcheketcheke, mabogi asanu pambuyo, anthu n'kuombera m'manja.

Tsono mvetsani bwino apa. Lufeyo akanangokhala chete, sitima ija ikanagwa yokha. Ikanagwa, bwana akanati, "Konza tione," ndipo Dizimasi sakanadziwa ngakhale kogwira pulayala. Choonadi chikanatuluka popanda Lufeyo kutsegula pakamwa. Iye anazidziwa zimenezi, sanali mwana. Koma anaona mutu wa sitima uja, umene anaukhoma miyezi isanu ndi iwiri, ukulunjika pamalo oti ukagwa pansi sipuling'i ithyoka, ndipo wotchi ina yotero sakanaipezanso.

Ng'oma inangoti zii. Lufeyo anadumpha, kukankha anthu, geji ili kale m'manja. Anaikhazika pokhota paja, chala chachikulu n'kukanikiza njanji yotentha ija kuti ilowe m'mano a geji, n'kuchotsa geji, chala chili pomwepo m'mbali. Sitima inadutsa bwinobwino, mabogi onse asanu. Inazunguliranso kachiwiri, iye chigwirire, chala chikupsa.

"Ameneyu ndani?" anafunsa bwana.

"Wondithandiza, bwana," anatero Dizimasi osaphethira. "Ndi mlamu wanga, ndikumuphunzitsa pang'onopang'ono. Mwaona mmene wagwirira? Akubwera bwino."

"Bwana, sitimayi..." anayamba Lufeyo.

Bwana anayang'ana malaya ong'ambika a Lufeyo, anayang'ana tayi ya Dizimasi, kenaka anawerenga kapepala kaja mokweza: "Yopangidwa ndi Dizimasi Ngozo." Analemba m'kabuku mwake n'kugwira Dizimasi chanza. "Lolemba mubwere, ndi sitima yanu yomwe. Munthu wodziwa kupanga, wodziwanso kuphunzitsa, ndi amene ndimafuna."

Anthu anakuwa, amayi nthungululu. Wina anafuula, "Ng'oma ija bwanji? Ombani, a Kachingwe, mlamu wanu wapambana!" Anamukankhira ng'oma pamiyendo. Anthu amene anamuona akukhoma sitima ija zaka zinayi analipo pomwepo, koma palibe anatsutsa. Ndani akangane ndi pepala? Lufeyo anaomba, chala chotupa chomwecho, ndipo Dizimasi analowa m'bwalo, tayi ikuuluka, kuvina mpaka fumbi koboo.

Pobwerera, ngolo inali yopanda kanthu, sitima inatsala ndi Dizimasi. Ali panjira, Nangozo anati, "Bambo a Esinati, bwanji simunaisiye igwe?"

"Ikanathyoka, Nangozo."

"Nanga pano muli nayo?"

Mkaziyo analavula pambali n'kunena mawu amene anamveka kwa onse anali kumbuyo kwa ngolo: "Uja ndi mchimwene wanga, koma ndinene. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina."

Patapita mwezi kunabwera kalata yochokera m'tauni. Mphunzitsi wa pamudzipo ndiye anawerenga: "Alamu, sitima ikumagwa pokhota. Tumizani kachitsulo kaja." Lufeyo anatenga geji n'kukaponya m'chimbudzi. Musaganize kuti Dizimasi anachotsedwa ntchito ayi. Anauza ana asukulu kuti kukonza sitimayo ndiwo mayeso awo, ndipo anakalambira m'nyumba ija. Lufeyo anafa akumata mapoto.

Mwambi uja unachokera pamenepo: wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Tanthauzo lake silovuta. Pali wokhetsa thukuta, ndipo pali wodya dzina, ndipo kawirikawiri si munthu mmodzi. Sindikunena kuti mubise luso lanu kapena muleke kukonda ntchito ya manja anu. Ndikunena kuti pepala loikidwa pa ntchito yanu muziliwerenga nokha, ndipo ngati simutha, funsani wachiwiri amene alibe nazo phindu. Munthu akakupatsani ng'oma n'kuti kaimeni uko, muyambe mwaona amene watsala pathebulo.